Zolinga za chaka ife timazikambirana pafupi ndi nkhokwe

Achemwali, mwafunsa kuti inu ndi bambo a kunyumba mumalonjezana zosintha pa 1 Januwale chaka chilichonse, koma pofika Malichi palibe amene akuzikumbuka, ndiye mukufuna kudziwa mmene ena amachitira kuti banja lonse ligwire mfundo imodzi. Ndikuyankhani ngati mayi wa ana anayi kuno ku Angónia, cha ku Domwe, chifukwa kwathunso zinali choncho kwa zaka zambiri.

Tinayamba ndi kusintha tsiku. Usiku wa pa 31 timachezera kutchalitchi, kukacha ndi mpunga wa nkhuku, alendo ali mbwee, abambo ena alowera kumowa. Munthu wokhuta amavomera chilichonse. Ife timadikira Lamulungu loyamba la Januwale, masana tikadya, alendo atapita. Timayala mphasa pakhonde, aliyense alipo, ngakhale wamng'ono wa zaka 7. Mwana wathu woyamba amagwira ntchito ku Moatize, ndiye timamuimbira foni n'kuiika pakati pa mphasa kuti azimva zonse.

Januwale ndi mwezi wowawa, ndipo n'chifukwa chake ndimaukonda pa nkhani imeneyi. Chimanga chili kumunda chikufuna feteleza wobereketsa, ana akufuna matrikula (kulembetsa kusukulu), yunifolomu ndi makope sukulu zisanatsegulidwe, nkhokwe yayamba kuonetsa pansi. Zimene munalakwitsa chaka chatha zimaonekera poyera, palibe wokana.

Ife chimene chinatitsegula maso n'chimanga. Chaka china tinakolola bwino ndithu. Mu Meyi mavenda anafika ndi masikelo awo, ena ochokera mbali ya Dedza kudzera pa Calómuè, ndalama zili m'manja. Bambo anagulitsa matumba angapo kuti akonze njinga yamoto, ine ndinagulitsa ena mwakachetechete ndi kugula zitenje ndi mapoto, kenako kunagwa maliro kuchimuna. Palibe amene ankawerenga. Pofika Januwale ndinapezeka pamsika wa ku Ulongwe nditanyamula ndowa, ndikugula chimanga pa mtengo woposa kawiri umene tinagulitsira. Ndikukumbuka mmene ndinkayang'anira wogulitsayo akusalaza pamwamba pa ndowa ndi dzanja kuti pasakhale mulu, mtima ukundiwawa, podziwa kuti mwina n'chimanga changa chomwe. Ndinalira panjira pobwerera.

Lamulungu lotsatira tinakhala pansi n'kuwerengera. Pakhomo pathu timadya matumba 2 a makilo 50 pamwezi, kuphatikizapo alendo ndi aganyu. Ndiye chaka chonse ndi matumba 24. Tinagwirizana kuti amenewo akathiridwa mankhwala a anankafumbwe n'kusokedwa, sagulitsidwa ngakhale litakhala thumba limodzi, pokhapokha tonse awiri titavomera pamaso pa ana. Cholinga cha chaka chimenecho chinali chomwecho basi. Chimodzi. Ndikukupemphani kuti musachulutse, achemwali. Zoti "tizikondana", "tisunge ndalama", "tisiye kuwononga" n'zabwino kumva, koma sizigwirika. Nenani kuti matumba angati, mametikali angati, mwezi uti, ndipo asunge ndani.

Ana musawaike pamphasa ngati maluwa. Afunseni mmodzimmodzi, kuyambira wamng'ono, chifukwa akayamba kulankhula bambo enawo amangoti "eya". Mtsikana wathu wachitatu atafunsidwa ananena motsitsa mawu kuti akufuna nyali ya sola, poti amalephera kuwerenga usiku ndipo tochi ya pafoni amalimbirana ndi achimwene ake. Ine mayi wake sindinkadziwa kuti zimamupweteka chotero. Tinamuuza kuti nyaliyo ibwera, koma iye asamale nkhuku ziwiri zimene tinamupatsa. Anaigula yekha mu Julaye atagulitsa atambala atatu, ndipo mpaka lero salola munthu kuigwira ndi manja onyowa.

Mtsikana yemweyo ndi amene amasunga kope. Zonse zimene tagwirizana amalemba, aliyense n'kusainira m'munsi, bambo akenso. Poyamba bambo ankaseka kuti kodi pakhomo pano pasanduka ofesi, koma mwana wako akakuwerengera mokweza mawu amene unanena wekha, manyazi ake ndi ena.

Tsono chachikulu chimene ndikufuna mumve n'chakuti msonkhano wa Januwale pawokha sukwanira. Malonjezo amapangidwa m'thumba mulibe kanthu, koma amasweka ndalama zikabwera. Choncho ife timatsegulanso kopelo tikangomaliza kukolola, venda asanaponde pakhomo, ndiponso tsiku limene ndalama za mbatatesi kapena za fodya zalowa. Tsiku lomwelo, osati mawa. Ya feteleza wa dzinja likubweralo timaipatula pompo, ndipo ngati n'kotheka timagula feteleza weniweniyo n'kumuika m'nyumba, chifukwa ndalama yokhala pafoni, pa M-Pesa kapena e-Mola, imatuluka mosavuta achibale akangoimba foni. Ya sukulu ndimaiponya ku shitiki ya amayi a kumpingo, kumene timasonkha ndalama n'kumalandira mosinthana, ndipo ndinapempha kuti ulendo wanga wolandira uzikhala mu Disembala.

Sikuti zonse zimatheka. Chaka chatha tinalemba zoti tikhoma malata pa khitchini, koma apongozi anadwala n'kugonekedwa kuchipatala ku Tete, ndalama yonse inathera mayendedwe ndi chakudya cha owadikirira. Sitinakangane. Tinalemba m'kope chimene chachitika, malatawo tawasamutsira chaka chino. Koma matumba 24 aja sitinawakhudze, ndipo Januwale uno sindinapite ndi ndowa kumsika.

Mwanenanso kuti bambo a kunyumba kwanu sakonda zokhala pansi. Musawaitanire "msonkhano", ndipo musayambe ndi zolakwa zawo, makamaka za mowa, ana ali pomwepo. Apempheni kuti akuthandizeni kuwerenga matumba amene atsala m'nyumba, muwafunse kuti kodi afika mpaka chimanga chachiwisi. Akayamba okha kuwerenga pa zala, muitane mwana abwere ndi kope ndi cholembera.