Cry, the Beloved Country ya 1995: muionere ndithu, koma bukulo musalitaye

Achemwali, mwafunsa ngati filimu ya Cry, the Beloved Country ya 1995 ndi yoyenera kuithera bandulo, poti ena akuti imayenda mwaulesi, komanso ngati munthu ataionera angathe kusiya buku la Alan Paton osawerenga. Kuionera, ioneni. Koma kulowa m'malo mwa bukulo singathe. Amene simufuna kudziwiratu mathero lekezani pompano, chifukwa nkhaniyi siikambika osawatchula.

Nkhani yake ili mu 1946. Stephen Kumalo ndi wansembe wa Angilikani m'mudzi wosauka wa Ndotsheni, kufupi ndi Ixopo ku Natal. Walandira kalata kuchokera kwa wansembe mnzake wa ku Sophiatown, Msimangu, yoti mlongo wake Gertrude akudwala. Akukwera sitima kupita ku Johannesburg ndi tindalama tomwe ankasungira sukulu ya mwana wake Absalom, amenenso anapita konko nasiya kulemba makalata. Kukafika, matenda a Gertrude ndi ogulitsa mowa ndi uhule. Mbale wake John wasiya mpingo, ndi wandale. Absalom akumupeza ali kale m'manja mwa apolisi: anathyola nyumba ndi anzake awiri, nawombera mwini wake Arthur Jarvis, mzungu amene ankalemba ndi kulankhula zotsutsa kuponderezedwa kwa anthu akuda. Bambo wa wophedwayo, James Jarvis, ndi mwini famu ya pamwamba pa phiri loyang'anizana ndi mudzi wa Kumalo.

Mphamvu yonse ya filimuyi ili mwa madoda awiriwa, ndipo amene anasankha osewera anadziwa ntchito. Kumalo ndi James Earl Jones, amene anamwalira mu 2024, uja ambiri timamudziwa ndi mawu ake aakulu a Mufasa, mkango wa mu The Lion King. Muno mawu amenewo anawabweza, akulankhula ngati munthu amene akuopa kuti akakweza mawu alira. Jarvis ndi Richard Harris. Pali malo amodzi oti ngakhale mutadumpha zina zonse, amenewa musadumphe. Kumalo wapita panyumba ina ya azungu kukafunsa za mwana wamkazi wa munthu wina wa kumudzi kwawo, ndiye wotsegula chitseko ndi Jarvis. Kumalo wamuzindikira, Jarvis sakumudziwa. Mkulu wa mpingo uja mawondo akuweyeseka, akulephera kuima, mzungu uja akudabwa kuti gogoyu wadwala kapena chiyani. Zikutenga nthawi kuti anene kuti mwana amene anapha mwana wanu ndi wanga. Wotsogolera filimuyi, Darrell Roodt, sanathamangire pamenepa, anasiya kamera pankhope za awiriwa. Amene akuti filimuyi ndi yochedwa akunena malo ngati amenewa. Ine sindikuona kuti nkhani yotere munthu angaiulule bwanji mothamanga, ndipo aliyense amene anatumidwapo kukanena uthenga wa maliro pakhomo pa eni akudziwa momwe lilime limalemerera.

Osewera a ku South Africa komweko nawonso sanagone. Vusi Kunene ngati Msimangu kwa ine ndiye munthu weniweni mufilimu yonse, wamkwiyo, wotopa ndi zimene amaona tsiku ndi tsiku, koma wosataya mnzake. Leleti Khumalo wa mu Sarafina uja akusewera mtsikana wapakati wa Absalom. Roodt ndi Anant Singh, amene anayendetsa ntchito yopanga filimuyi, ndi omwenso anapanga Sarafina mu 1992. Chimene chimandiwawa pang'ono n'chakuti mbali zikuluzikulu za anthu akuda, Kumalo ndi John, anazipereka kwa Aamerika, James Earl Jones ndi Charles S. Dutton, ndipo khutu limamva ndithu kuti awa si Azulu. Mwina ankafuna maina ogulitsa filimu kunja.

Tsono pa bukulo. Paton sanalembe za mitima ya abambo awiri yokha. Analemba za nthaka. Mutu woyamba umayerekeza mapiri a udzu wobiriwira kumene kuli mafamu a azungu ndi chigwa cha m'munsi, chofiira, chokokoloka, ng'ombe zochuluka pamalo ochepa, kotsala nkhalamba, amayi ndi ana okhaokha. Chimene chinachititsa ndi malamulo: la 1913 linasiyira anthu akuda pafupifupi 7 peresenti ya dziko lonse, la 1936 linakweza kufika cha m'ma 13. Mnyamata ngati Absalom sachoka kumudzi chifukwa cha mwano ayi, munda sungamudyetse, ndipo migodi ya golide ikumudikira. Mufilimu mapiri ndi okongola mopitirira, nyimbo za John Barry zikusefukira pamwamba pake, mpaka munthu umadzifunsa kuti malo abwino chonchi anthu akuthawiranji. Pamenepa filimu inaphonya, ndipo sikuphonya kwakung'ono.

M'bukumo mulinso mitu imene Paton amaonetsa khamu la anthu, pena kusiya Kumalo n'kupereka mawu kwa khamulo. Muli anthu a ku Alexandra onyanyala mabasi chifukwa mtengo wakwera, akuyenda wapansi mamailosi 11 kupita kuntchito. Muli mabanja osowa nyumba akumanga zisakasa za masaka ndi malata usiku umodzi pafupi ndi Orlando. Muli azungu akusangalala kuti golide wapezeka ku Odendaalsrust ndipo mitengo ya masheya yakwera. Zotere mufilimu ya maola osakwana awiri zimangokhudzidwa kapena kudumphidwa. Gawo lachitatu la bukulo, kumene Jarvis akutumiza mkaka wa ana a ku Ndotsheni, kuyambitsa damu ndi kulemba ntchito mlangizi wa zaulimi, nalonso linafupikitsidwa kwambiri, chotsala chooneka bwino ndi tchalitchi chodontha mvula ndi lonjezo lomanga china.

Kwa ife Amalawi mbali imeneyi si yachilendo. Agogo athu ambiri anapita ku Joni kudzera ku Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi lija, ena anabwerako ndi njinga ndi mabulangete, ena anatchona osatumiza ngakhale kalata. Kulemba anthu kumeneku Kamuzu anakuimitsa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo. Lero ana akupitabe, pabasi. Ndiye kholo lokwera ulendo kukasaka mwana amene anangoti zii silisowa kulifotokoza kwa munthu wa ku Mzimba kapena ku Mangochi.

Chinthu china muchidziwe musanayambe, kuti musakhumudwe. Bukuli linatuluka kumayambiriro kwa 1948, miyezi yochepa chipani cha National Party chisanapambane chisankho n'kukhazikitsa apartheid ngati lamulo. Paton anali mzungu, ndipo kwa zaka zoposa 10 anayendetsa sukulu yosungirako anyamata akuda olakwira malamulo ku Diepkloof, n'chifukwa chake Absalom akumveka munthu weniweni. Koma chiyembekezo chake chinali pa kusintha kwa mitima ya azungu. Munthu wakuda amene akulankhula za malipiro a m'migodi ndi kunyanyala ntchito, John Kumalo, anamujambula wamantha ndi wodzikonda, wopezera mwana wake loya n'kusiya Absalom anyongedwe yekha. Alembi akuda monga Lewis Nkosi ndi Es'kia Mphahlele anadandaula kuti Kumalo ndi wofatsa mopyola muyeso. Filimu siinakonze zimenezi, inangozitsata. Inatuluka chaka chimodzi Mandela atalowa m'boma, dziko likukamba zokhululukirana, chaka chomwecho khoti lalikulu la malamulo a dzikolo linathetsa chilango cha imfa chimene chikupha Absalom. Nthawi imeneyo nkhani ya abambo awiri ogwirana chanza inkafunika. Ngati mukufuna mkwiyo ndi kulimbana, bwererani kwa Sarafina.

Iliponso ina ya 1951 ya Zoltan Korda, yopanda mitundu, Canada Lee ngati Kumalo ndi Sidney Poitier akadali mnyamata ngati Msimangu. Kaseweredwe kake n'kachikale, koma anaijambula m'makomboni enieni a Johannesburg a nthawiyo, boma lisanayambe kugwetsa Sophiatown mu 1955, ndiye umphawi wake si wopangira kamera. Pa nkhani ya malo ndimaikonda kuposa ya 1995, pa nkhani ya osewera ya 1995 ili patsogolo.

Ngati nthawi ilidi yochepa, onerani ya 1995 usiku umene ana agona, chifukwa si yoonera uku mukucheza. Kenako m'bukumo werengani mutu 1, mutu 9 wa zisakasa uja, ndi gawo lachitatu lonse kuyambira mutu 30. Mitu yake ndi yaifupi ndipo Chingerezi chake n'chosavuta, mwana wa Fomu 3 amatha kuchimva.