Kugwada ndikugwada, koma ndikungofuna kudzuka

Amayi ena andilembera imelo, ndipo ndaiwerenga mobwerezabwereza ndisanayankhe. Akuti ku Misa amapita, chikhulupiriro sanataye, koma kupemphera kwayamba kuwalemera. Akatenga kolona amangoyasamula. Akufunsa ngati ndi tchimo, komanso kuti atani.

Achemwali, nkhani yanu yandikhudza chifukwa inenso ndinadutsamo, ndipo zinandichitikira pa nthawi imene anthu ankandiona kuti ndine wachangu pa parishi. Ndinali m'kwaya, ndinkawerenga Mawu pa Misa, ku misonkhano sindinkajomba. Kunyumba pemphero linali litazima. Kolona inkakhala pansi pa chikwama itakolana ndi makiyi, ndipo pofuna kutsegula chitseko ndinkaimasula n'kuiponyanso momwemo. Usiku ndinkati ndipemphera ndikamaliza kutsuka mbale, ndikamaliza ndinkakumbukira zovala zosita. Ntchito sinkandisowa. Chimene chinkandikanika ndi kukhala phee pamaso pa Mulungu. Ndikangoyesa, mumtima munkabwera mphwayi yosakanizika ndi kunyansidwa, ndipo miyendo inkangofuna kunyamuka.

N'chifukwa chake sindigwirizana ndi amene amaganiza kuti ulesi wa mumzimu ndi wa anthu ogonereza. Amonke a m'chipululu cha Egypt ankaudziwa bwino. Evagrius, mmodzi mwa amonkewo, amene anamwalira mu 399, anauika pakati pa maganizo oipa asanu ndi atatu, ndipo potengera Salimo 91 ankautcha chiwanda cha masana. Anafotokoza za mmonke amene akuona ngati dzuwa laima, akungosuzumira pa zenera, wayamba kuipidwa ndi malo ake ndi abale ake, akuganiza kuti kwina ndiko angatumikire Mulungu bwino. Munthu ameneyu maso ali gwa, koma akuthawa. Papa Gregory Wamkulu, amene anatsogolera Mpingo kuyambira 590 mpaka 604, anakonza mndandandawo kuti ukhale wa machimo asanu ndi awiri, ndipo Thomas Aquinas anadzaphunzitsa kuti vutoli ndi chisoni chimene munthu amamva pa zabwino za Mulungu. Mulungu akukupatsa ubwenzi wake, iwe n'kumauona ngati katundu wakutwikidwa. Katekisimu ya Mpingo wa Katolika pa nambala 2094 ikuti ulesiwu umafika mpaka pokana chimwemwe chochokera kwa Mulungu.

Kusamva kukoma kwa pemphero pakokha si tchimo, achemwali. Teresa wa ku Avila analimbana nako pafupifupi zaka 20. Iye mwini anaulula kuti masiku ambiri ankangotchera khutu ku wotchi kuti ola lopemphera lithe. Anafika posiya pemphero la mumtima kwa nthawi yoposa chaka, poganiza kuti ngwosayenera, ndipo pambuyo pake anazindikira kuti kunali kudzichepetsa kwabodza. Tchimo limayamba pamene munthu wagwirizana nayo mphwayiyo, n'kunena kuti basi, ndi mmene ndilili.

Ine amene anandichotsa m'menemo ndi amayi ena achikulire a m'kwaya mwathu. Sindidziwa kuti anaona chiyani pa nkhope yanga. Tsiku lina titamaliza kuyeserera nyimbo anandifunsa kuti, “Mwana wanga, ukupemphera?” Ndinayamba kuwauza za kutanganidwa, iwo n'kungondiyang'ana mpaka mawu anandithera, misozi n'kuyamba. Sanandilalikire. Anangoti abwera kunyumba madzulo. Anabweradi, anakhala pa mpando chifukwa maondo ankawavuta, anatulutsa kolona yawo ya mikanda yothetheka ndi zala, n'kuyamba Tikuoneni Maria. Iwo ankatsogolera, ine ndinkangoyankha mong'ung'udza kuti Maria Woyera, Amayi a Mulungu. Tinanena khumi okha, iwo n'kutsanzika. Anapitiriza kubwera. Panalibe chimene ndinkamva, ndipo kwa nthawi yaitali ndinkapemphera chabe chifukwa chochita manyazi kuwabweza pakhomo. Kenaka madzulo ena sanabwere chifukwa cha mvula, ndipo ndinangozindikira ndakhala pa mpando wawo uja, kolona ili m'manja.

Apa ndinena mosapsatira. Mawu akuti “ine ndi Mulungu wanga basi, za anthu sindifuna” avulaza akhristu ambiri. Amamveka auzimu, koma kwa munthu amene wagwa mphwayi ndi msampha, chifukwa amene ukumudalira kuti akudzutse ndi yemweyo amene wagwayo. Kali kokha n'kanyama. Werengani Marko mutu 2: munthu wofa ziwalo sanafike yekha kwa Yesu. Anamunyamula anthu anayi, anasasula denga, ndipo Malembo akuti Yesu anaona chikhulupiriro chawo. Ignatius wa ku Loyola anachenjeza kuti mdani wathu Satana amakonda kuti zokopa zake zisungidwe mwachinsinsi, ndipo zikangoululidwa kwa wansembe kapena kwa munthu wodziwa za uzimu, mphamvu yake imatha. Ignatius yemweyo anakhala chipinda chimodzi ku Paris ndi Francis Xavier, mnyamata amene mtima wake unali pa kutchuka, ndipo anamupirira zaka zingapo mpaka anatembenuka.

Ndipo ndikamati munthu amafunika bwenzi, sindikunena gulu la pa WhatsApp limene m'mawa uliwonse limatumiza chithunzi cha maluwa ndi vesi, aliyense n'kulemba Amen. Sindikunyoza, enanu zimakuthandizani. Koma ungathe kulemba Amen chaka chathunthu osagwadapo, popanda wodziwa. Sindikunenanso mnzako amene ukamuuza vutoli amakuyankha kuti usadandaule, Mulungu amamvetsa. Kumvetsa amamvetsadi, koma mnzako wotereyu wakusiya pomwe anakupeza. Winanso amene amandipweteka mtima ndi uja wothamangira kunena kuti pempherani kwambiri, yambani novena, salani kudya. Munthu akulephera mphindi zisanu, inu mukumupatsa masiku asanu ndi anayi! Akalephera tsiku lachitatu, mphwayi imawirikiza.

Nanga mutani?

Sankhani nthawi imodzi ndi malo amodzi, ndipo pemphero likhale lalifupi kwambiri: salimo limodzi, kapena Tikuoneni Maria khumi. Mtima ufune usafune, mukhalepo. Ignatius ankati pa nthawi ya mdima osasintha zimene unatsimikiza pamene kunali kuwala, ndipo ukafuna kudula nthawi ya pemphero uwonjezeko pang'ono. Ine ndimawonjeza Atate Athu mmodzi. Foni ikhale chipinda china. Pitani kukalapa, ndipo mukawauze bambo mfumu chinthucho mwachindunji, kuti ndikuthawa kupemphera. Kenaka pezani munthu mmodzi amene amapemphera, ngakhale si mnzanu wocheza naye, mumupemphe kuti azipemphera nanu sabata iliyonse, kaya maso ndi maso kaya poimbirana foni, ndipo mumupatse ufulu wokufunsani.

Chinanso, popeza simunandiuze zambiri za moyo wanu. Ngati mphwayiyi yagwira zonse, tulo sitikubwera, chakudya sichikulowa, palibe chokusangalatsani, mwina ndi kutopa kwa thupi kapena matenda ovutika maganizo, ndipo amenewo si tchimo. Eliya atagona pansi pa mtengo n'kupempha imfa, pa 1 Mafumu 19, mngelo anayamba wamudyetsa n'kumusiya kuti agonenso. Zikakhala choncho mukaonane ndi dokotala, ndipo munthu amene mwamusankhayo akuperekezeni.