Gasi sasanduka magetsi, amangozunguza makina

Achimwene, mwafunsa ngati gasi amene mizinda ina imapangira magetsi ndi yemwe uja timadzazitsa m'silinda yophikira, komanso kuti mpweya ungasanduke bwanji magetsi. Si yemweyo ayi. Wophikira uja amatchedwa LPG, gasi wopanikizidwa mpaka kukhala ngati madzi. Wopangira magetsiyu amachokera pansi pa nthaka, mbali yake yaikulu ndi mpweya woyaka wotchedwa methane, ndipo amafika kudzera m'mapaipi.

Mukukumbukira dayinamo ya njinga, kaja kamakhudza tayala usiku, mukapalasa mwamphamvu nyali n'kuwala kwambiri? Jenereta ndi chomwecho: maginito akuzungulira pakati pa mawaya a kopa. Nkhani imangokhala yakuti azunguze ndani. Ku Nkula ndi ku Kapichira ndi madzi a Shire. Kumene kuli gasi, wozunguza ndi moto.

Makina ake amatchedwa tabaini, ndipo amafanana ndi injini ya ndege. Amakoka mpweya wambiri, kuupanikiza, kuusakaniza ndi gasi n'kuyatsa. Mpweya wotenthawo, wopitirira madigiri 1,000, umafufuma n'kuthamanga mwaukali, kukankha mapiko achitsulo omwe ali pa shafti, mtanda wachitsulo wozungulira. Shaftiyo, pa makina akuluakulu, imazungulira maulendo 3,000 pa mphindi imodzi, n'kumazunguza jenereta.

Chimene chimandisangalatsa ine ndi chimene amachita ndi utsi. Umatuluka ukadali pafupifupi madigiri 600, ndiye kungoutaya kumwamba n'kuwononga. Amaudutsitsa pakati pa mapaipi a madzi, madziwo n'kuwira, nthunzi yake n'kuzunguza tabaini yachiwiri. Gasi yemweyo wagwira ntchito kawiri.

Chitsanzo chabwino chili ku Düsseldorf, ku Germany. Kampani yopereka magetsi ndi madzi mumzindawu, Stadtwerke Düsseldorf, inatsegula makina otchedwa Fortuna padoko la Lausward m'chaka cha 2016. Amatulutsa mamegawati oposa pang'ono 600, ndipo pa mphamvu 100 zili zonse za gasi, pafupifupi 61 zimasanduka magetsi. Kutentha kotsalako sakutayanso: amatenthetsera madzi n'kuwatumiza m'mapaipi apansi kuti akafunditse nyumba za anthu nyengo yozizira. Zikatero, pafupifupi 85 pa 100 zimagwira ntchito. Apa m'pamene ubwino womanga malo oterewa mumzinda momwemo umaonekera, chifukwa madzi otentha akayenda mtunda wautali amazizira m'njira.

Koma musamve ngati ndi zoyera mbee. Gasi akayaka amatulutsa carbon dioxide, mpweya wotenthetsa dziko, pafupifupi theka la amene malasha amatulutsa, ndipo methane akamadontha m'mapaipi amatenthetsa dziko kwambiri. Chinanso chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti mwini makina amadalira mwini gasi. Tanzania ili ndi mwayi, poti malo ake a ku Kinyerezi, ku Dar es Salaam, amagwiritsa ntchito gasi wa m'dziko momwemo wochokera ku Mtwara ndi Songo Songo. Germany inkagula wambiri ku Russia, ndipo atasiya kubwera mu 2022, mabanja wamba ndi amene analira ndi mabilu a magetsi ndi ofunditsira nyumba.