Kwa achimwene amene chithunzi chawo cha phiri la Kasungu chatuluka chakuda

Achimwene, mwati munajambula phiri la Kasungu dzuwa likulowa, pa foni chithunzicho chikuoneka bwino zedi, koma mutakachitsukitsa pa saizi ya A2 kuti mupachike pabalaza chatuluka chakuda ndi chosaoneka bwino m'mitengomu, ndiye mukufunsa ngati otsuka zithunziwo anakuberani. Ambiri mu gulu muno akuti akakubwezereni ndalama. Ine ndikuti dikirani kaye. Ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe kuno ku Kasungu, ndipo madandaulo ngati anuwa ndimawamva kawirikawiri. Nthawi zambiri vuto limakhala litayambira m'manja mwa mwini chithunzi, makina asanayatsidwe n'komwe.

Mdimawo ndiwo wosavuta kufotokoza. Sikirini ya foni imadziwalira yokha. Thambo lofiira lija mukuliona pa foni ndi kuwala kumene kukuchokera m'foni momwemo n'kulowa m'maso mwanu, ndipo ambirife timakweza kuwalako mpaka kumapeto chifukwa cha dzuwa la kwathu kuno. Pepala liribe kuwala kwake. Limangobweza kumene lalandira kuchokera pawindo kapena pa babu, ndipo inki iliyonse imene yathiridwapo imachotsako kuwala, siwonjezera. Choyera kwambiri pa chithunzi chotsuka ndi pepala lenilenilo, basi. Tsono munajambula moyang'anana ndi dzuwa, phiri linali kale mumthunzi. Foni inkakuonetsani miyala ndi mitengo ya mumthunzimo chifukwa inkaziwalitsa, pepala langozisiya bii. Mukachipachikanso pabalaza la makatani olemera ndi kababu kamodzi, ndiye kwatha.

Mitundu nayonso imasintha. Sikirini imasakaniza kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwa buluu, pomwe makina ambiri osindikizira amasakaniza inki zinayi zimene amazitcha CMYK. Pali mitundu ina yowala kwambiri imene inki siyingaifikire: kubiriwira kwa munda wa fodya mu Januwale dzuwa litawomba, kufiira kwa moto kwa dzuwa lolowa, buluu wa maluwa a jakaranda. Mafoni ambiri amabweranso sikirini yake itachunidwa kale kuti izikometsa mitundu. Choncho chimene mwakhala mukuchisirira pa fonipo, mbali ina ndi zodzola.

Koma kumene ndikukayikira kwambiri ndi uku: chithunzicho chinafika bwanji kwa otsukawo? Ngati munawatumizira pa WhatsApp mwa nthawi zonse, mlandu wathera pomwepo. Chithunzi chimapangidwa ndi timadontho totchedwa ma pixel. Foni ya 12 megapixel imatulutsa timadontho 4000 m'litali ndi 3000 m'lifupi. WhatsApp imachifinya kuti bandulo isathe, n'kutsala timadontho pafupifupi 1600 m'litali. Pa foni simungaone kusiyana, chifukwa sikiriniyo ndi yaing'ono ngati chikhatho. Koma A2 ndi masentimita 42 kwa 59.4, kutanthauza mainchesi 23 ndi kanthu mbali yaitaliyo. Gawani nokha. Timadontho 4000 tikupatsani pafupifupi 170 pa inchi, zimene n'zokwanira pa chithunzi choonera chapatali pang'ono. Timadontho 1600 tikupatsani 68 tokha. Zili ngati thobwa la anthu asanu kulithira madzi kuti likwane mudzi wonse: m'makapu lidzazamo ndithu, koma aliyense adziwa. Chimodzimodzi ngati munachikoka pa Facebook, nayonso imafinya.

Mudzamva ena akuti popanda timadontho 300 pa inchi musatsukitse. Nambala imeneyo ndi ya chithunzi chogwira m'manja, cha mu alabamu. Foni ya 12 megapixel pa muyezo umenewo ingakupatseni masentimita 34 kwa 25 okha. Koma chithunzi cha pakhoma munthu amachionera ataima mita imodzi kapena ziwiri, ndipo diso silitha kulekanitsa timadontho pa mtunda umenewo. Zikwangwani zikuluzikulu za mu msewu wa M1 zimasindikizidwa ndi timadontho tochepa kwambiri, mukaziyandikira ndi mabangamabanga, koma muli mu minibasi zimaoneka bwinobwino. Ndiye A3 kapena A2 ya pa foni yabwino imatheka, bola fayiloyo ikhale yoyambirira. A1, imene ndi masentimita 59.4 kwa 84.1, pamenepo ndiye mwayamba kuikakamiza.

Musanyengedwenso ndi 50 kapena 108 megapixel yolembedwa pa katoni. Mafoni amenewo amaphatikiza timadontho tingapo kukhala kamodzi, n'kutulutsa chithunzi cha 12 megapixel kapena kuposerapo pang'ono, pokhapokha mutasankha nokha mu kamera. Ndipo ngati munakoka zumu ndi zala kuti phiri liyandikire, mwangodula chithunzi. Zumu ya kanayi pa foni yopanda lenzi yapadera imasiya timadontho tenitheni 1000 pa 4000 tija, totsalato foni imangopeka.

Zithunzi za malo zimavutika ndi zimenezi kuposa za anthu. Nkhope ya mkwatibwi ndi yosalala, ngakhale timadontho tichepe imapirira. Koma phiri, tchire, udzu, masamba a mitengo ya tsamba ndi misuku, zonsezi ndi tinthu ting'onoting'ono tambirimbiri. Kukayamba kuda, foni imavutika kuona, ndiye imadzisalazira yokha kuti ibise tizinyalala ta mdima. Pa sikirini zimaoneka zaudongo. Pa pepala lalikulu mitengo imasanduka phala, ngati wina wapaka utoto ndi chala. Mudzaonanso kamzere koyera kotsata msana wa phiri pamene lakumana ndi thambo, kamene ndi foni yomweyo ikuyesa kunoletsa chithunzi. Kupendekeka nakonso kumaonekera. Jambulani damu la Lifupa mutapendeketsa foni pang'ono chabe, pa A2 aliyense wolowa m'nyumba adzaona madzi akutsetserekera mbali imodzi.

Apa ndinene maganizo anga, ena akwiye. Zithunzi za dzuwa likulowa zimene zimakolola ma like mu gulu muno ndi zimene zimakhumudwitsa kwambiri pakhoma. Mphamvu yake yonse ili mu kuwala, ndipo kuwalako n'kumene pepala liribe. Chotsala ndi theka lofiirira ndi theka lakuda, diso lilibe poti liyendemo. Pomwe chithunzi china chimene pa foni mumachidutsa osaima, mwina cha m'mawa kumidzi ya ku Santhe kapena ku Chulu, chigwa chonse chili poyera, chimadzuka chikakula. Mumayamba kuona zigafa za fodya, kanjira kolowera kudimba, ngolo ili patali, mayi wasenza mtolo wa nkhuni amene pa foni anali kadontho chabe. Mlendo amaima n'kumaloza, amvekere, "Kodi apa si pa mjigo paja?" Foni imafuna chinthu chimodzi chachikulu chogwira maso msanga chala chisanapitirire. Khoma limafuna chithunzi choti munthu akhale nacho zaka, n'kumapezamo zatsopano.

Nyengo nayonso muziiganizira. Seputembala ndi Okutobala mpweya umadzaza utsi wa moto wa tchire ndi fumbi, mapiri amangoti mbuu. Foni imabisako pokoleza mitundu, koma pepala limatulutsa mbuu yemweyo. Mvula ikangokata kumene, kapena mu Epulo ndi Meyi, mpweya umakhala woyera, mwala uliwonse wa paphiri umaoneka pawokha.

Tsono chochita. Pezani fayilo yoyambirira mu foni imene inajambula, muitengere pa fulashi kapena pa kebulo, kapena muitumize pa WhatsApp ngati document, imene siifinyidwa. Tsitsani kuwala kwa sikirini kufika pakati kapena kutsikirapo, muchiyang'anenso chithunzicho muli m'nyumba. Mmene chikuonekera pamenepo ndi pafupi ndi mmene chidzatulukire, ndiye walitsani mbali za mthunzizo kufikira mitengo ioneke, ngakhale pa foni chizioneka ngati chawalitsa. Dulaninso nokha m'mbali, chifukwa chithunzi cha foni ndi 4 kwa 3 pomwe mapepala a A ndi otalikirapo, ndipo mukasiyira otsuka akhoza kudula nsonga ya phiri kapena kuchikoka kuti chidzaze pepala.

Musanalipire chachikulu, apempheni adule kachigawo kamodzi, makamaka pamene pali mitengo ndi mthunzi, akatsuke pa A4 pa kukula komwe kadzakhale pa A2. Kapepala kameneko mupite nako kunyumba, mukakaike pakhoma lomwelo masana ndi usiku. Ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi kutaya A2 yathunthu ndi felemu yomwe.

Afunseninso makina ndi pepala. Apa ndi pamene otsuka angakhale ndi mlandu. Malo ena amagwiritsa makina a zikwangwani (ma banner) za misonkhano ndi za maliro, osindikiza pa pulasitiki, ndipo amenewo anapangidwira zoonera patali. Inu mukufuna pepala la zithunzi kapena kanivasi. Lonyezimira limatulutsa mitundu yakuya koma limachita galasi likayang'anana ndi windo. Losanyezimira limaoneka mofatsa mbali iliyonse, kungoti zakuda zake sizifika pakuda penipeni. Kanivasi imabisa kuchepa kwa timadontho chifukwa cha nsalu yake, choncho kwa chithunzi cha foni ndi yabwino. Inki ya pigment imakhalitsa kuposa ya dye, imene imasuluka msanga dzuwa likamaiwomba tsiku ndi tsiku. Ndipo musapachike pakhoma lokoka chinyezi nthawi ya dzinja kapena pafupi ndi mbaula.

Tsegulani chithunzicho mu foni, mupite pa details, mutilembere manambala awiri amene ali pamenepo ndi kukula kwa fayilo. Afunseninso otsukawo manambala a fayilo imene iwo analandira. Ngati onse ali 4000 kwa 3000 koma chatuluka chonchobe, bwererani nacho, ndipo ine ndikuperekezani.