Nkhani zanga zimauma pa tsamba lachitatu

Mtsikana wina wa ku Namwera wanditumizira imelo. Akuti nkhani zake zimayamba bwino, koma zikafika tsamba lachitatu zimauma, ndipo akuganiza kuti mwina vuto ndi Mangochi, chifukwa "zinthu zimachitika ku Blantyre".

Achemwali, Mangochi alibe mlandu. Jack Mapanje anabadwira m'mudzi mwa Kadango m'boma lomwe lino mu 1944, ndipo ndakatulo zake zinawerengedwa kutali. Chimene chikuumitsa nkhani zanu, mmene ndikuonera, n'choti mpangankhani wanu palibe chimene akuchifunitsitsa. Mwatiuza dzina lake, msinkhu wake, chitenje chimene wavala, basi mwasowa kolowera.

Tiyeni titenge mayi amene amuna ake anapita ku Joni, ndalama n'kusiya kubwera. Wakongola ku banki m'khonde kuti ayambe geni ya usipa, ndipo abweze Lachisanu. Wafika pa doko ku Makawa mu Julaye, mwera wakuntha sabata yonse, asodzi a chilimira sanalowe m'madzi. Usipa umene watsala pa thandala ndi wochepa, mtengo wakwera, ndipo mwini wake ndi mlamu wake amene sakulankhulana naye. Apapa simungasowe cholemba. Adzichepetsa? Anamiza gulu lake? Agulitsa foni, yomwe amuna ake angamuimbirepo? Chilichonse chimene angasankhe chimulipiritsa, ndipo masamba otsatirawo ndi a malipiro amenewo.

Pa zolankhula zawo samalani kwambiri, poti apa ndi pamene alembi atsopano amandikhumudwitsa. Mayiyu sanganene kuti "ndavutika, alamu, ndithandizeni". Afunsa za ana, adandaula za mphepo, akhudza usipa ndi chala n'kunena kuti sunaume bwino. Wowerenga amva yekha kuti akupempha. Pitani pa msika kapena pa siteji ya akabaza pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, mukamvetsere mmene anthu amazungulira asanatchule chimene abwerera. Wina akapereka moni m'Chiyao, musiyeni choncho, kuno timatero.

Musamabwerere kukakonza tsamba loyamba nkhani isanathe. Lembani mpaka Lachisanu lifike, ngakhale ziganizo zina zikhale zokhota. Kenako muwerengere mnzanu mokweza, muone pamene ayambe kuyang'ana kumbali, mukonze pamenepo. Mukamaliza munditumizire, ndikufuna ndidziwe ngati ngongoleyo anabweza.