Musapopere, n'chikumbu chamafuta chimenecho

Achemwali, mwafunsa za kachirombo kakuda kamimba yaikulu komwe mwakajambula pa njira kumeneko ku Devon, chigawo cha ku England, kuti kodi n'koopsa ndiye mukapopere mankhwala. Ayi chonde musatero. Chimenecho ndi chikumbu cha mtundu wa Meloe, ndipo mmene ndikuonera pa chithunzipo ndi Meloe proscarabaeus. Taonani timapiko take tafupi tosaphimba n'komwe mimba, sichiuluka chimenecho, chimangokwawa basi.

Kungoti osachigwira ndi manja. Chikaopsezedwa chimatulutsa timadontho tachikasu tangati mafuta m'mfundo za miyendo, mmenemo muli poizoni wotchedwa cantharidin yemwe amatulutsa matuza pakhungu, dzina lamafutali linachokera pamenepo. Ana auzeni azingoonera patali.

Koma chomwe chimandikhudza ine ndi kaberekedwe kake. Chachikazi chimakumba kauna pa dothi lopanda udzu n'kuikiramo mazira ambirimbiri, pena kufika 1000. Timphutsi tikaswa, tating'ono kwambiri koma tachangu, timakwera pa duwa n'kumadikira njuchi, osati za mumng'oma zija ayi, koma zokhala pazokha zomwe zimakumba zisa pansi monga za mtundu wa Andrena. Njuchi ikangotera timaikakamira pa ubweya, iyo osadziwa n'kutinyamula mpaka kuchisa kwake, kumeneko timadya dzira lake komanso mungu womwe inasungira mwana wake, n'kukhala momwemo mpaka kudzatuluka chaka chinacho kutayamba kufunda. Tambiri timakakamira ntchentche kapena kachirombo kena kolakwika n'kufera panjira, n'chifukwa chake mazira amachuluka chonchi.

Ndiye pomwe mwachionapo, dziwani kuti njuchi zakutchire zilipo pafupi. Chimakonda malo a udzu okhala ndi maluwa akutchire, m'mbali mwa nkhalango ndi m'magomo a m'mphepete mwa nyanja, ndipo chimaoneka kuyambira Malichi mpaka cha mu Juni. Chimapezeka m'mayiko ambiri a ku Ulaya mpaka kukafika ku Asia.

Ku UK zikumbu zamafutazi zikucheperachepera chifukwa malo a maluwa aja analimidwa, njuchi n'kuchepa nazo. Pa mitundu 8 yomwe inaliko, itatu inatheratu. Wina, Meloe brevicollis, anthu ankaganiza kuti nawonso unatha mpaka unadzapezekanso mu 2006 ku Devon komweko, ndiye muli pamalo abwino zedi achemwali.

Mukachipezanso pakati pa njira pomwe anthu angachiponde, chinyamuleni ndi tsamba mukachisiye pa udzu chapambali pomwepo.