Yankho kwa alamu pa za hotela ya all-inclusive pachilumba

Alamu, zikomo. Funso lanu ndaliona pa gulupu, koma kulemba kunditalikira, ndiye ndingolankhula. Mwati inu ndi achimwene mukufuna kukapuma pachilumba ndi ana awiriwo, mwaona mahotela a all-inclusive ku Zanzibar, ku Mauritius ndi ku Maldives, ndipo mukufunsa ngati munthu akalipira kamodzi ndiye kuti wathana nazo, sadzapisanso m'thumba. Ayi alamu, mudzapisa ndithu. Zimene mwalipira ndi zokhazo zimene hotelayo yalemba pa mndandanda wake, ndipo mndandandawo umasiyana hotela ndi hotela. Ndiye musanatumize ndalama iliyonse, uzani a hotela kapena ejenti wanu akutumizireni pa imelo pepala lija amati fact sheet, lolemba zonse zimene zili mu mtengo, la chaka chomwe mukupitacho.

Zimene mumazipeza pafupifupi kulikonse ndi izi: chipinda, chakudya cham'mawa, chamasana ndi chamadzulo pa buffet (pomwe mumadzitengera nokha chakudya), totolatola ta pakati pa tsiku, zoziziritsa kukhosi, tiyi, khofi, mowa ndi vinyo wamba amene hotela yasankha, dziwe losambiramo, mabedi a pagombe, ndi zosewerera pamadzi zopanda injini monga kayak. Zimene kawirikawiri zimakhala za padera ndi spa, jet ski, diving (kusambira pansi pa nyanja ndi botolo la mpweya), maulendo okaona malo, kuchapitsa zovala, mowa wa mayina otchuka wochokera kunja, madzi a zipatso ofinya pomwepo, lobster, chakudya chokubweretserani kuchipinda, ndi dokotala. Kafiriji ka m'chipinda kaja, minibar, ndiye kamasokoneza anthu kwambiri. Kwina amadzazamo tsiku lililonse mwaulere, kwina ulere ndi tsiku lofika lokha, kwina madzi okha ndi aulere koma chokoleti ndi mtedza n'zogula. Ana akachipeza chokoleticho sadzafunsa, ndiye funsani inuyo msanga.

Funsaninso maola. Bala ina zakumwa zaulere zimayamba 10 koloko m'mawa n'kutha 11 koloko usiku, ikapitirira pamenepo galasi lililonse likulowa pa bilu. Ndipo muonetsetse kuti pa pepala lolipirira palembedwadi all-inclusive. Half board ndi chakudya cham'mawa ndi chamadzulo basi. Full board ndi zakudya zonse zitatu koma zakumwa mumagula. Mtengo ukaoneka wotsika modabwitsa, nthawi zambiri nkhani imakhala pamenepo.

Tsono ngati n'zopindulitsa kapena ayi, werengani chonchi. Funsani mitengo iwiri ya chipinda chomwecho, wa half board ndi wa all-inclusive. Kusiyana kwake mugawe ndi masiku, kenako ndi anthu. Ndalama yatulukayo ndi imene mukulipirira chamasana ndi zakumwa za munthu mmodzi pa tsiku. Ngati simumwa mowa, ndipo masiku atatu mwa asanu ndi awiri mudzakhala kunja kukaona malo, mukulipira chakudya chimene simudzadya. Ku Mauritius ndi ku Zanzibar malo odyera a kunja kwa hotela alipo, ndiye half board imatha kukwanira. Koma ku Maldives mahotela ambiri ali pa kachilumba kawokawo, palibe sitolo ina yoti n'kuthawirako, uli ngati mbuzi ya pachingwe. Chilichonse chogula padera amaonjezerapo 10 peresenti ya service charge, ndalama yolipirira kukutumikirani, kenako msonkho wa 17 peresenti. Kumeneko ine ndingati tengani all-inclusive osaganiza kawiri.

Ndalama ziwiri zimene anthu amaiwala ndi za mayendedwe ochokera pabwalo la ndege, ndi misonkho. Ku Maldives mukatera pabwalo la ndege la Velana pafupi ndi likulu lawo, Malé, mumafunika boti la injini, ndege ina yaing'ono, kapena kandege kotera pamadzi, ndipo mtengo wake amawerengera munthu aliyense. Tindege totera pamadzito timauluka masana okha. Ndege yanu ikafika madzulo kwambiri, mugona ku Malé kapena ku Hulhumalé, pafupi ndi bwalolo, pa ndalama zanu, usiku wa ku hotela kuja mutalipira kale. Katundu amalola makilogalamu 20 ndi kachikwama ka makilogalamu 5, zopitirira mumalipira. Kulinso msonkho wa zachilengedwe, green tax, imene kuyambira mu Januwale 2025 ndi madola 12 pa munthu usiku uliwonse m'mahotela a pazilumbawa, kupatula ana osakwana zaka ziwiri. Anthu anayi, mausiku 7, ndi madola 336. Funsani ngati ili kale mu mtengo. Achimwene muwauzenso kuti mowa salola kulowa nawo m'dzikomo, ngakhale wogula pa duty free, masitolo a pabwalo la ndege aja. Ku Zanzibar nako, mu Okutobala 2024 adayambitsa inshuwalansi yawoyawo ya madola 44 kwa alendo ochokera kunja, ndiye ejenti akuuzeni ngati mapasipoti anu akukhudzidwa. Kumenekonso mahotela amatolera msonkho wa usiku uliwonse. Ndipo ngati masiku anu akugwera pa 24 kapena 31 Disembala, mahotela ambiri amaikapo ndalama ya phwando la usikuwo, mudye musadye.

Za ana, funsani kuti mwana amathera zaka zingati. Malo ambiri akakwanitsa zaka 12 amamuwerengera ngati wamkulu, ndipo amaona zaka zake pa tsiku la ulendo, osati tsiku lolipira. Funsaninso kuti chipindacho chimalola anthu angati, chifukwa zipinda zina malire ndi akulu awiri ndi mwana mmodzi, wachiwiriyo akufuna chipinda china.

Tsopano apa ndiye mumvetsere bwino, chifukwa apa mukalakwitsa, buffet yabwino siidzakupulumutsani. Mudzakhala sabata yathunthu pa gombe limodzi, ndiye mbali ya chilumba ndi mwezi wake n'zofunika kuposa nyenyezi za hotela. Ku Zanzibar, kugombe la kum'mawa, ku Paje, Jambiani, Matemwe, nyanja ikaphwa madzi amathawira kutali zedi, moti pamatsala mchenga wonyowa, miyala ndi ndere. Zithunzi za pa intaneti amajambula madzi atadzaza. Kuchokera podzaza kufika pophwa pamatenga maola pafupifupi 6, ndipo nthawiyo imasuntha ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse, ndiye pali masiku ena amene masana onse mudzasambira m'dziwe la hotela. Ngati ana akufuna nyanja nthawi iliyonse, yang'anani kumpoto, ku Nungwi kapena ku Kendwa, kumene madzi sathawa kwambiri. Mvula yaikulu kumeneko imagwa Malichi mpaka Meyi, n'chifukwa chake mitengo imatsika miyezi imeneyo.

Ku Mauritius nyengo ya namondwe ndi Novembala mpaka Epulo, makamaka Januwale mpaka Malichi. Juni mpaka Ogasiti kumazizirirapo, ndipo mphepo ya kum'mwera chakum'mawa imaomba kwambiri gombe la kum'mawa monga Belle Mare. Miyezi imeneyo sankhani kumpoto kapena kumadzulo, Trou aux Biches, Grand Baie, Flic en Flac, kumene kuli kobisika. Bwalo la ndege lili kum'mwera chakum'mawa, ndiye kupita kumpoto ndi ulendo wopitirira ola pagalimoto. Ku Maldives nyengo youma ndi Disembala mpaka Epulo, ndipo ndi pamene mitengo imakwera.

Tsiku lofika. Chipinda amapereka 2 kapena 3 koloko masana. Mukafika m'mawa, zovala zosambira ndi mafuta a dzuwa zikhale m'chikwama cham'manja, masutikesi musiye pa risepishoni. Funsani ngati chamasana cha tsikulo chili mu mtengo, chifukwa kwina all-inclusive imayamba nthawi yolandira chipinda. Mahotela ambiri amakuvekani kachibangili ka pulasitiki padzanja, kameneko ndiye tikiti yanu, kakaduka pitani nako kodukako akakusinthireni. Adzapemphanso khadi la banki n'kutsekereza ndalama ina ngati chikole. Siichoka, koma simungaigwiritse ntchito, ndipo mukatuluka imatha kutenga masiku angapo, mwina mpaka masabata awiri, kuti imasuke. Ndiye musapereke khadi limene muli ndalama zodyera panjira. Makina a khadi akakufunsani kuti mulipire mu ndalama iti, sankhani imene bilu yalembedwa, chifukwa makinawo akasintha okha mtengo wosinthira umakhala woipa.

Musanapite n'kuchipinda komwe, bukitsani malo odyera apadera aja ochita kuitanitsa pa menyu. Mahotela ambiri amalola kamodzi kapena kawiri pa sabata, ndipo maola abwino, 7 koloko mpaka 8 koloko, amatha tsiku loyamba. Wochedwa amapatsidwa 9:30 usiku, ana atagona kale pampando. Achimwene atenge thalauza lalitali ndi nsapato zotseka, poti madzulo malo amenewa kabudula salola. M'chipinda, yesani sefa ili chitsegukire musanaikemo mapasipoti, yesani choziziritsa mpweya ndi madzi otentha, ndipo chikavuta nenani tsiku lomwelo, zipinda zina zisanadzaze. Makhadi a matawulo a pagombe musunge bwino, likasowa amalipiritsa.

Kanthu kena kakang'ono. Mahotela ena amakusainitsani kapepala pa chakumwa chilichonse, ngakhale chaulere. Musamangosaina. Onani pansi ngati palembedwa 0. Woperekera zakumwa akafunsa kuti mukufuna mtundu uti, yankho labwino ndi lakuti "umene uli mu package". Pa menyu zolipira padera zimakhala ndi kanyenyezi kapena mtengo pambali. Ndipo masiku awiri alionse pemphani bilu pa risepishoni muione, cholakwika chimakonzeka mosavuta chikadali chatsopano.

Za m'mimba. Anthu ambiri amadwala chifukwa cha chakudya chimene chakhalitsa pa buffet chili chofunda chabe. Chotentha chizikhala chikutuluka nthunzi, chozizira chizikhala pa ayezi, za pakatikati zisiyeni, makamaka mpunga, nsomba, nkhanu ndi masaladi a mayonesi. Pitani akangotsegula, kapena imani pamene ophika akukazingira pomwepo. Madzi a pampopi musamwe pokhapokha a hotela atanena kuti ndi abwino. Tengani mapaketi a ORS, mankhwala ochepetsa ululu ndi kutentha thupi a akulu ndi a ana, ndi mankhwala anu a masiku onse m'mabokosi ake, m'chikwama cham'manja. Ku Zanzibar malungo aliko, ndiye kaonaneni ndi adokotala ulendo usanafike, ndipo mafuta othamangitsa udzudzu asatsale. Inshuwalansi ya paulendo ikhale yolipira chipatala ndi kukunyamulani kuchoka pachilumba, poti zimenezo hotela siziikhudza.

Dzuwa musalidelere poti khungu ndi lakuda, limapsa ndithu, makamaka mapewa, mphuno ndi pamwamba pa mapazi. Mafuta a dzuwa akhale a SPF 30 kapena kuposa (nambala ya chitetezo yolembedwa pa botolo), munthu wamkulu amafunika pafupifupi mamililita 30 thupi lonse, mphindi 20 asanatuluke, n'kubwereza maola awiri alionse komanso akatuluka m'madzi. Botolo limodzi la mamililita 200 banja lonse silikwana masiku awiri, ndipo mu shopu ya hotela ndi lodula, ndiye gulirani kunja. Ana avale malaya osambira a manja. Tengani nsapato za m'madzi, chifukwa m'miyala mumabisala tizilombo tozungulira ta minga yakuda, sea urchin, ndipo mingayo imathyokera m'phazi. Mbendera yofiira ikakwezedwa musalowe m'nyanja. Madzi akayamba kukukokerani kwakuya musalimbane nawo molunjika kumtunda, sambirani cham'mbali motsata gombe mpaka mutuluke mumkokomowo. Ndipo achimwene akachita diving, asiye maola 24 asanakwere ndege, choncho isakhale ya tsiku lomaliza.

Maulendo okaona malo, a hotela amadula, a anyamata a pagombe amatchipa. Otchipawo ena ndi abwino, koma funsani ngati m'boti muli majekete oyandamitsa okwana ana, mugwirizane mtengo ndi zonse zili momwemo musanakwere, ndipo musalipire yonse dzulo lake. Mukakumana ndi anthu ovala bwino okuitanirani kadzutsa wapadera kapena mphatso kuti mukamvere za umembala wa kalabu ya tchuthi, ingokanani mwaulemu. Amati ndi ola limodzi koma m'mawa wonse umathera pomwepo. Tipi siyokakamiza m'mahotela ambiri, komabe sungani ndalama zing'onozing'ono za wokonza m'chipinda, wonyamula katundu ndi dalaivala. Ngati ndi madola a ku America, akhale atsopano osang'ambika, akale amawakana malo ambiri ku Zanzibar.

Pepani yatalika, katsala kamodzi. Chipinda mumatuluka 11 kapena 12 koloko, ndipo kwina kachibangili amadula nthawi yomweyo. Ndege ikakhala ya usiku, chamasana ndi zakumwa za tsiku limenelo mugula pa mtengo wonse. Ndiye funsani pobukitsa pomwe kuti all-inclusive imatha nthawi yanji, ngati pali chipinda chosambiramo ndi kusinthira zovala mukatuluka, ndi mtengo wokhalabe m'chipinda mpaka 6 koloko madzulo. Bilu yomaliza muione usiku woti mawa mukunyamuka, osati galimoto ikudikira panja, ndipo nthawi imene adzakutengeni kupita kubwalo la ndege akulembereni papepala. Moni kwa achimwene ndi ana.